Zimbale za Amayi M'munda wa Mpunga

Turffontein, Joni
Epulo

Okondedwa achemwali a Eveles,

Landirani moni wochokera kuno kutali. Kodi muli bwanji kumeneko, inu, alamu ndi ana? Nanga abambo, mawondo aja akuwalola kufika kutchalitchi kapena akupempherabe pakhonde? Mundiuze zoona, chifukwa pa foni mumangoti ali bwino, pamene ine ndikuwamva akutsokomola kumbuyo kwanu. Ine kuno ndili bwino, Mulungu akusunga.

Kuzizira kwayamba msanga chaka chino. M'mawa ndikamapita kokwera takisi ndimavala majuzi awiri, ndipo zala zimauma moti ndimalephera kumanga zingwe za nsapato. Dzino lija ndinakachotsa, tsopano ndikutafuna mbali zonse. Magetsi akumazimazima ngati kwathu komweko, kungoti kuno amayamba atiuza nthawi yozimitsira, ndiye anthu amati ndi chitukuko.

Ntchito ikuyenda. Tikubwereketsabe zokuzira mawu m'maukwati, m'maliro ndi m'matchalitchi, ine n'kumakonza zimene anthu aotcha. Mwezi uno zafika zambiri. Aliyense amafuna kuti phwando lake limveke mpaka tauni ina, amapotokola batani mpaka kumapeto, sipika n'kung'ambika, kenako amabwera atakwiya kuti tinawapatsa chinthu chakufa.

Mudabwa kuti ndalemba kalata ngati kale, foni ilipo. Chifukwa chake n'chakuti foni imakhala m'thumba mwa alamu a Masautso, ndipo nkhani iyi ndikufuna muiwerenge nokha, mofatsa, popanda wina kuseka pambali. Ndapatsira a Bilali, aja amanyamula katundu wa anthu pakati pa Joni ndi Salima, ndipo ndawapempha kuti akupatseni pamanja.

Chithunzi cha mpunga wa ku Chinguluwe chija ndinachilandira. Mpunga wachita bwino, ndipo alamu aima pakati pa ndime atagwira m'chiuno ngati mwini esiteti. Ndinasangalala. Koma nditachikuza ndi zala kuti ndione ngala, ndinaona tinthu tonyezimira tikulendewera pa twaini kuseri kwa mutu wawo, kuchokera pa mtengo wina kukafika pa wina. Ndinakuzanso. Kamodzi kanali katatembenukira kwa wojambula, ndipo ndinazindikira mtundu wobiriwira uja, ndi azimayi ovala zoyera atandanda kutsogolo kwa tchalitchi chathu. Achemwali, zimbale za kwaya ya malemu amayi zikuingitsa mpheta.

Mukukumbukira chaka chija kwaya inaitanitsa anthu a ku Lilongwe ndi makina awo kudzajambula nyimbo m'tchalitchi. Anadikira mpaka mwera utaleka, ife tikuthamangitsa mbuzi kunja kuti zisalire pawindo. Zimbale zinagulidwa zochepa, popeza anthu ambiri kunyanjako analibe poziimbira, ndiye katoni yotsala inakhala kunsi kwa bedi la amayi. Chimbale changa chinapita ndi akuba chaka chatha. Chinali m'kati mwa wailesi imene anaba, ndipo anatenganso laputopu mmene ndinasungamo nyimbozo. Sindinadandaule kwambiri, podziwa kuti katoni ilipo kwathu. Lero katoni yonse ili padzuwa. Kwina kumene mawu a amayi anajambulidwa sindikukudziwa, ndipo tinagwirizana kuti pa mwambo wa chiliza chawo mu Seputembala tidzaika nyimbo zomwezi.

Nditaimba foni kufunsa, alamu anaseka mpaka kutsamwa. Anati ndisade nkhawa, nyimbo zonse zili bwinobwino mu kamemore kochepa ngati chikhadabo, a Mcdonald, aja okopera anthu nyimbo pa kompyuta pamsika, anazibena zonse, ndipo zimbalezo tsopano ndi makoko chabe. Anati ngakhale bowo lomangapo twaini azungu anaboolera kale pakati, kusonyeza kuti ntchito yake yeniyeni ankaidziwa. Anandifunsanso ngati ana adzadye nyimbo mpheta zikamaliza mpunga, n'kunditcha Injiniya wa Makutu. Za bowozo zinandiseketsadi, sindikana. Koma nditadula foni ndinakhala pansi.

Nyimbo ija munanditumizira kuchokera mu memoreyo ndinaimvera kuntchito, pa mahedifoni abwino, ndili ndekha. Ndafunafuna mawu aulemu oitchulira, ndawasowa. Ndi zinyalala. Kwaya ikumveka ngati ikuimbira m'kati mwa mgolo wa madzi. Pamene azimayi akuomba m'manja pakumveka ngati munthu akufwinya jumbo. Maseche asanduka mafuta olira m'chiwaya. Ndipo poyambirira penipeni mkuluyu waikapo mawu ake, akukuwa dzina lake ndi nambala yake ya foni, kenako kulira kwa ambulansi. Ambulansi, achemwali, pamwamba pa nyimbo ya Mulungu.

Ndiloleni ndifotokoze chimene chachitika, paja mumati ndinabadwa ndi choko m'manja. Mawu ndi mafunde a mumpweya, ofanana ndi mafunde a panyanja, kungoti saoneka. Makina a anthu a ku Lilongwe aja ankayeza mafundewo maulendo oposa zikwi makumi anayi pa sekondi iliyonse, n'kulemba muyeso uliwonse. Chimbale chimasunga miyeso yonseyo osataya ndi umodzi womwe. N'chifukwa chake chimadzaza msanga, nyimbo khumi ndi zingapo basi chatha.

Tsono anthu anafuna nyimbo zambiri m'malo ochepa, ndipo akatswiri anapeza njira yozifinyira. Apa ndikufuna muganize za geni yanu ya usipa, imene mumaidziwa kuposa ine. Thumba likadzaza mumatha kutsendera pang'ono ndi manja, usipa n'kukhazikika, pofika ku Lilongwe n'kutuluka wathunthu, mwina tizipsepse tochepa titathothoka. Koma alipo aja amakwera pathumba ndi mapazi, n'kumadumpha kuti matumba awiri alowe m'limodzi. Pomasula mumapeza mitu payokha, michira payokha, pansi fumbi lokhalokha. Fungo ndi la usipa, dzina ndi usipa, koma palibe amene angabwezeretse mutu uliwonse pa nsomba yake. A Mcdonald ndi a gulu lodumpha pathumba.

Makina ofinya nyimbo sataya chisawawa, ali ndi nzeru zawo. Anaphunzitsidwa kuti khutu la munthu likamamva mawu aakulu, mawu aang'ono oyandikana nawo silimawagwira bwino. Injini ya boti ikamalira, mnzanu akayankhula chapansipansi pambali panu simumumva. Ndiye makinawo amayang'ana kamphindi kalikonse ka nyimbo, n'kuweruza kuti kakang'ono aka palibe adzakafune, n'kukataya. Ukawauza kuti afinye pang'ono, amataya zimene khutu silikanamva ndithu. Ukawauza kuti afinye kwambiri, amayamba kutaya ndi zofunika zomwe, chifukwa malo awachepera.

Tsopano kumbukirani mmene kwaya inkaimira. A Nachisale kutsogolo, ndi mawu awo aja omveka mpaka ku Maganga. Amayi kumbuyo kwawo chakumanzere, ndi mawu awo otsika, ofewa, oyenda pansi pa anzawo ngati madzi a pansi pa bango. Ojambula aja anaika maikolofoni awiri, wina uku wina uku, moti pa chimbale ukavala mahedifoni azimayi amaima monga anaimira tsiku lija. Amayi amakhala ku khutu lakumanzere. Umatha kuwatsatira nyimbo yonse, ngakhale a Nachisale akweze bwanji. A Mcdonald, pofuna kusunga malo, anaphatikiza mbali ziwirizo kukhala imodzi, n'kupondanso pamwamba. Chimene chatsala ndi a Nachisale, ndi nkhungu ya mawu kumbuyo kwawo. Amayi ali penapake mu nkhunguyo, koma ine amene ndimadya za makutu ndalephera kuwapeza.

Pali malo amodzi amene ndimawadziwa pamtima. Nyimbo yachinayi, ija ya Petulo panyanja, amayi ankailowa msanga nthawi zonse, ndipo wotsogolera kwaya anatopa kuwadzudzula. Tsiku lojambula anachitanso chimodzimodzi. Pa chimbale umamva akukoka mpweya, n'kuyamba okha kamphindi kochepa, anzawo n'kuwapeza. Ndi malo okhawo m'chimbale chonse pamene ali okha. Nyimbo imene munanditumizira ndi yomweyo, ndipo pamalo pomwepo ndi pamene a Mcdonald aikapo ambulansi yawo.

Ndisanamizire njirayo, chifukwa kufinya kwabwino kulipo. Kuntchito abwana anatiyesapo tsiku lina. Anatitembenuza kuti tiyang'ane kukhoma, n'kumatiimbira nyimbo imodzi kawiri, ina ya pa chimbale, ina yofinyidwa mosamala. Ndinalephera kusiyanitsa, ndipo anzanga anandiseka sabata yonse. Inenso mu foni mwanga muli nyimbo zofinyidwa, ndimamvera m'takisi, ndipo m'phokoso la mumsewu zimakwana. Choncho sindikunyoza memore. Ndikunyoza munthu amene amapondereza nyimbo mpaka kuziphwanya kuti azidzitama pamsika kuti memore yake imalowa nyimbo zosawerengeka, ngati kuti nyimbo ndi makala. Sanamvere n'komwe chimene wapanga. Akanamvera, manyazi akanamugwira.

Kuntchito tili ndi kompyuta imene imaonetsa mawu ngati chithunzi. Nyimbo yathunthu imaoneka ngati tchire, udzu wina wautali, wina waufupi, wina wopyapyala wofika pamwamba. Nditaikamo ya a Mcdonald, inaoneka ngati kapinga wotchetchedwa, pamwamba ponse padulidwa mowongoka. Mnzanga wa ku Zimbabwe amene timagwira naye ntchito anasuzumira, n'kufunsa ngati nyimboyo inajambulidwa pa foni ya m'thumba la munthu wothawa.

Ndamva kuti a Mcdonald amauza anthu kuti ntchito yawo ndi orijino, ndipo alamu anati tikafuna chimbale mkuluyo akhoza kutibenera china kuchokera mu memore momwemo. Akhozadi, ndipo chidzanyezimira bwino. Koma fumbi la usipa mukalithira m'thumba latsopano silisanduka nsomba. Zimene makina anataya anataya, palibe kompyuta ya kuno kapena ya ku Ulaya imene ingazibweze. Paja akulu anati madzi akatayika saoleka.

Chimene chimandinyansa kwambiri n'chakuti anthu azolowera. Ulendo wathawu nditabwera ndinamva ndekha. Wakabaza ali ndi kasipika kong'ambika pa handulo, wogulitsa tchipisi ali ndi kake, padoko pali zokuzira mawu zitatu zikulimbana, ndipo zonse zikulira ngati mavu otsekeredwa m'chitini. Palibe amene akukwinya nkhope. Ana akukula akuganiza kuti nyimbo imayenera kukanda m'khutu. Kunonso n'chimodzimodzi, musaganize kuti a ku Joni ndi ochenjera. Munthu amavala suti yodula, amabwereka zokuzira mawu zapamwamba, kenako amandipatsa fulashi ya nyimbo zophwanyika, n'kundiuza kuti ndikweze. Ndimakweza. Zinyalala ukazikweza zimangokhala zinyalala zazikulu.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi si makutu anga. Ndi zija munandinong'oneza pa foni alamu atatuluka, kuti mutawaikira abambo nyimbozo pa sipika, anamvetsera ziwiri, n'kufunsa kuti kwaya imeneyi ndi ya mpingo uti. Mutawauza, anapukusa mutu n'kunena kuti ayi, akazi awo mulibemo umo, kenako anapempha madzi akumwa. Alamu akuti ndi ukalamba, makutu atha. Ine ndikukana. Abambo anamva mawu amenewo zaka zoposa makumi anayi, m'nyumba, kudambo, padoko powalandira akamachokera kunyanja. Makutu awo sanalakwe. Anafunafuna munthu wawo n'kumusowa, ndipo ananena zoona. Sindikufuna kuti pa tsiku la chiliza akhale pampando pamaso pa anthu akufunafunanso, ambulansi ikulira pamanda.

Nthawi ndi imene ikundiopsa. Anthu ambiri amaganiza kuti mbali yonyezimira ya chimbale ndiyo yosalimba. Si choncho. Mbali imeneyo ndi pulasitiki wokhuthala, ikakalika pang'ono timatha kuisalaza. Nyimbo zili mbali inayo, pansi pa chithunzi pomwepo, pa kakhungu kopyapyala kuposa ka anyezi. Mame akalowa m'mphepete kamayamba kusupuka, mphepo ikamagundanitsa chimbale ndi mtengo kamakalika, ndipo zimbale zotsika mtengo ngati zathuzi zimatha kufa ndi dzuwa lokha, kunja zikuoneka zabwinobwino. Tsiku lililonse limene zikulendewera kumeneko pali nyimbo imene ikuchoka.

Pempho langa ndi limodzi. Kalatayi ikangofika, musadikire Loweruka, pitani ku Chinguluwe nokha, musatume mwana. Muzichotse zonse. Twaini muzidula ndi mpeni, osakoka, chifukwa chimbale chimayamba kusweka pabowo. Zimene zasupuka musazitaye, nazonso mutenge, chifukwa nyimbo imene yafa pa china ikhoza kukhala yamoyo pa china, ndipo ine ndikhoza kutola apa ndi apo mpaka zitakwana.

Ngati zili ndi fumbi kapena zitosi, muzitsuke ndi madzi oyera ndi kansalu kofewa, kupukuta kuchokera pabowo kupita kunja, osati mozungulira. Mbali ya chithunzi musaikhudze kwambiri. Ndikukudziwani pa nkhani ya ukhondo, ndiye ndinene poyera: musakwecheko ndi mchenga kapena phulusa ngati poto. Wina akakuuzani zopaka mankhwala otsukira mano, mumuthokoze n'kumusiya. Zikauma pamthunzi, chilichonse muchikulunge pachokha m'kansalu, muziike pakati pa makatoni awiri, mumange, n'kuwapatsa a Bilali pobwerera. Ndawauza kale kuti akaziike pamiyendo, osati m'ngolo pansi pa matumba a anthu. Anaseka, n'kunena kuti ananyamulapo nkhunda, mbatata ndi keke ya ukwati, koma kwaya yonse sanainyamulepo, ndipo inshaAllah ifika yamoyo.

Za mpheta sindinaiwale. Alamu sananame kuti ana sadya nyimbo, ndipo mpunga umenewo ndi thukuta lawo. M'chikwama chimene a Bilali akupatseni muli zimbale zina zambiri, kuposa zimene muchotse. Ndazitola kuntchito, zinali zoti zitayidwe. Ndi za alaliki aja a kuno ogulitsa mafuta a zozizwitsa ndi madzi obweretsa magalimoto. Zimanyezimira chimodzimodzi, bowo lilipo, ndipo aka kakhala koyamba kuti zithandize munthu. Mukachotsa chathu muzimangirira cha iwowo pomwepo, munda usakhale wopanda mlonda ngakhale tsiku limodzi.

Alamu musakangane nawo. Sanachite mwankhanza. Anauzidwa ndi munthu wokhala kuseri kwa kompyuta kuti zonse zasungidwa, ndipo anakhulupirira, monga mmene ine ndimakhulupirira iwo akandiuza kuti mawa kunyanja kuvuta. Mungowauza kuti mlamu wawo wapempha, ndipo walipira ndi alaliki. Kwa a Mcdonald musanene chilichonse. Ndidzawaona ndekha ndikabwera, ndidzawaveka mahedifoni, n'kuwaimbira ntchito yawo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osawalola kuvula.

Zimbalezo zikafika ndidzazikopera zathunthu, popanda kufinya ngakhale pang'ono, n'kuzisunga malo angapo kuti wakuba kapena mpheta asadzatipezenso. Mu Seputembala ndidzabwera ndi zatsopano, wailesi yoziimbira, ndi masipika awiri oika wina uku wina uku. Abambo musawauze kanthu pakadali pano, tisawapatse chiyembekezo tisanaone chimene dzuwa latisiyira.

Mundiperekere moni kwa abambo, muwauze kuti mafuta opaka mawondo ali m'thumba lam'mbali la chikwamacho. Moni kwa alamu, ndi chithokozo chifukwa cha mpunga umene akutilimira tonse. Moni kwa azakhali a ku Maganga, kwa amalume ndi banja lawo, ndi kwa a Nachisale, amene ndilibe nawo mlandu uliwonse, mawu anawapatsa ndi Mulungu. Adzukulu anga Mwaiwathu ndi Samueli muwauze kuti atsibweni awo akufuna kuona makope a masamu, osati zithunzi zovina.

Mawu otsiriza ndi awa. Ndikayesa zonse n'kupeza kuti dzuwa latitsogolera, ndidzakuuzani zoona, sindidzakubisirani. Zikatero memore ija isadzafike kumanda. Tidzaimba tokha. Inu mawu anu anatengera a amayi, ngakhale mumakana ndipo mumabisala kumbuyo kwa anthu m'tchalitchi. Muyambiretu kukonza kukhosi, achemwali.

Tsalani ndi mtendere wa Ambuye.

Ndine mlongo wanu,
Lawson